DSM-5, ICD-11 Kapena mhGAP: Matenda a Maganizo Tiziwaika M'magulu Potsatira Buku Liti?

Malungo amawayeza pobaya chala. Kadontho ka magazi kakagwera pa kachipangizo, pakangopita mphindi zingapo mizere imaonekera, ndipo dokotala wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa sangakangane pa zimene aona. Matenda ambiri a maganizo alibe choyezera chotere. Magazi sanena kanthu, ndipo ngakhale chithunzi cha ubongo sichingatsimikize kuti uyu ali ndi schizophrenia (misala imene munthu amamva mawu a anthu osaoneka n'kumakhulupirira zinthu zimene kulibe), uyo akudwala matenda ovutika maganizo. Dokotala amadalira zimene wodwala akunena, zimene abale ake aona kunyumba, ndi zimene iye mwini akuona pamene akucheza naye. Akatha apo amafunika kulemba dzina la matenda, ndipo dzinalo amalitenga m'ndandanda imene anthu ena anakhala pansi n'kugwirizana.

Ndandanda zoterezi zilipo zingapo ndipo sizinena chimodzi. Wophunzira za unamwino, clinical officer wa pachipatala cha boma, kapena m'bale wa wodwala amene wayamba kufufuza pa intaneti amakumana ndi mayina awa: DSM-5, ICD-11, mhGAP, RDoC ndi HiTOP. Ambiri amaganiza kuti ndi mabuku olimbirana ntchito imodzi. Awiri oyambirirawo ndi amene amalimbiranadi; atatu enawo aliyense anapangidwira ntchito yakeyake.

Kumene mkanganowu unachokera

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dokotala wa ku Germany, Emil Kraepelin, ankatsatira odwala ake kwa zaka zambiri n'kumalemba mmene matenda a aliyense akuyendera. Pofika mu 1899 anagawa misala ikuluikulu pawiri: ina imayamba munthu akadali wachinyamata ndipo imanka ikukula, ina imabwera n'kupita, munthu n'kumakhala bwinobwino pakati pake. Yoyambayo ndi imene Eugen Bleuler wa ku Switzerland anadzaitcha schizophrenia mu 1908, ndipo yachiwiriyo ndi kholo la matenda amene lero timawatchula kuti bipolar, osinthasintha pakati pa kuvutika maganizo ndi mania, nyengo imene munthu amasangalala kapena kukwiya mopyola muyeso, osagona, akulankhula mosalekeza. Malire amene Kraepelin anaika adakalipo m'mabuku onse akuluakulu.

Kukhala ndi mayina sikunathetse vuto. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ofufuza anayerekeza zipatala za ku New York ndi za ku London, ndipo anapeza kuti madokotala a ku New York ankalemba schizophrenia pa odwala ambiri amene anzawo a ku London akanati akuvutika maganizo kapena ali ndi mania. Odwalawo anali ofanana ndithu, osiyana anali madokotala. Zimene zinatsatira pambuyo pake, makamaka ku America, zinali kuyesa kuchotsa manyazi amenewa.

DSM: buku lowerengera zizindikiro

DSM ndi buku la bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America, American Psychiatric Association. Loyamba linatuluka mu 1952 ndipo linali kabuku kakang'ono. Kusintha kwakukulu kunadza mu 1980 ndi buku lachitatu, limene ntchito yake anatsogolera Robert Spitzer. Iye ndi anzake anati: popeza sitikugwirizana pa chimene chimayambitsa matendawa, tiyeni tisiye kukangana za gwero, tingolemba zizindikiro zooneka, kuchuluka kwake, ndi nthawi imene ziyenera kukhalapo. DSM-5 inatuluka mu 2013, ndipo yokonzedwanso, DSM-5-TR, mu 2022, koma maziko ake ndi omwe aja a 1980.

Tione mmene imagwirira ntchito pa matenda ovutika maganizo. Bukuli limatchula zizindikiro 9: kukhala wachisoni pafupifupi tsiku lonse, kusasangalalanso ndi zinthu zimene munthu ankazikonda, kusintha kwa kadyedwe moti n'kuonda kapena kunenepa, kusowa tulo kapena kugona mopitirira muyeso, kusakhazikika kapena kuchita zinthu mochedwa moti ena n'kuona, kutopa, kudziona wachabechabe kapena kudziimba mlandu, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi kuganizira za imfa kapena kudzipha. Munthu akakhala ndi 5 mwa izi kwa milungu iwiri, ndipo chimodzi mwa izo n'kukhala chisoni chija kapena kusasangalala kuja, dzina lapezeka.

Ubwino wake uli poyera. Wofufuza wa ku Boston ndi wa ku Blantyre akanena kuti ayesa mankhwala pa anthu ovutika maganizo, timadziwa kuti anasankha anthuwo ndi muyeso umodzi. Kafukufuku wambiri wa mankhwala amene timagwiritsa ntchito lero anachitika potsatira DSM, ndipo mafunso 9 oyezera kuvutika maganizo otchedwa PHQ-9, amene anamasuliridwanso m'Chichewa, anatengedwa pa zizindikiro zomwezi.

Koma tawerengani bwino. Ngati pakufunika 5 mwa 9, anthu awiri akhoza kupatsidwa dzina limodzi pamene akufanana pa chizindikiro chimodzi chokha. Wina sagona, waonda, sakhazikika. Mnzake amangogona, wanenepa, sayenda n'komwe. Ndipo mayi amene ali ndi zizindikiro 4 zokha, koma wasiya geni, ana sakuwasambitsa, bukuli limati sanafike pa mzere. Mzerewo sunachokere m'thupi la munthu, anauika ndi anthu a m'komiti. Umboni wina woti mayinawa amadutsa m'manja mwa anthu ndi wakuti mu 1973 bungwe la madokotala a ku America lija linachotsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, linachita chimodzimodzi mu 1990. Ngakhale cholinga chenicheni cha bukuli, choti madokotala azigwirizana, sichinakwaniritsidwe paliponse: pamene ankayesa DSM-5 m'zipatala isanatuluke, madokotala awiri oona wodwala mmodzi ankagwirizana mochepa kwambiri pa matenda ovutika maganizo omwewa.

Palinso za m'thumba. DSM ndi buku logulitsa ndipo silotsika mtengo. Linalembedwa poganizira America, ndipo chodabwitsa n'chakuti ngakhale kumeneko, polipitsa makampani a inshuwalansi madokotala amalemba manambala a ICD.

ICD: buku la matenda onse

ICD ndi ya bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, ndipo si ya matenda a maganizo okha. Muli malungo, chifuwa chachikulu, khansa, ngozi za pamsewu, zonse. Matenda a maganizo analowamo mu 1948, m'buku lachisanu ndi chimodzi. Amene anaonapo dokotala atalemba F20 kapena F32 anaona manambala a ICD-10: woyambayo ndi schizophrenia, wachiwiriyo kuvutika maganizo. ICD-11 inavomerezedwa ndi mayiko mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2022, ndipo mmenemo schizophrenia ndi 6A20. Mayiko ambiri sanasamukebe, choncho manambala a F aja tikhala nawo kwa nthawi ndithu.

Imapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo mu 2024 WHO inatulutsa buku lofotokoza mwatsatanetsatane matenda a maganizo a mu ICD-11 kuti lithandize ogwira ntchito m'zipatala. Kalembedwe kake n'kosiyana ndi ka DSM. M'malo ambiri sikuumiriza kuti uwerenge zizindikiro ngati masamu. Imafotokoza mmene matendawo amaonekera kawirikawiri, zimene sizingasowe, ndi mmene ungawasiyanitsire ndi ena ofanana nawo, kenako n'kusiyira dokotala kuti aweruze. Kwa munthu wodziwa ntchito uwu ndi ufulu wabwino. Kwa wongoyamba kumene, ufulu womwewo ukhoza kumusocheretsa.

Pamene mabuku awiriwa asiyana

Pa zambiri DSM-5 ndi ICD-11 zimagwirizana, chifukwa magulu owalemba ankakambirana. Onse, mwachitsanzo, anataya timagulu takale ta schizophrenia. Koma pali malo angapo pamene munthu mmodzi angatuluke ndi mayina awiri osiyana, ndipo malo amenewa ndi ofunika kuwadziwa.

Choyamba ndi nthawi. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 22 amene kwa miyezi iwiri wakhala akumva mawu a anthu osaoneka, akukana nsima ya kunyumba poopa kuti muli poizoni, ndipo usiku amakhala tsonga pakhomo. Malinga ndi ICD-11, mwezi umodzi ndi wokwanira kulemba schizophrenia. DSM-5 imafuna miyezi 6. Isanakwane imati ndi schizophreniform. Mankhwala amene angayambe nawo ndi omwewo, koma zimene banja liuzidwe sizofanana. Pano ine ndimakondera kudekha kwa DSM. Dzina la schizophrenia ndi lolemera, likhoza kuthetsa chitomero kapena kuchotsetsa munthu ntchito, ndipo achinyamata ena, makamaka amene chamba chinalowererapo, amachira n'kukhala bwino osabwereranso.

Chachiwiri ndi maliro. Mabuku onse awiri tsopano ali ndi matenda a chisoni chosatha pambuyo pa imfa ya wokondedwa. ICD-11 imati chisonicho chipitirire miyezi 6, pamene DSM-5-TR imati miyezi 12 kwa akuluakulu. Onse amaonjezera kuti chisonicho chikhale choposa chimene chikhalidwe ndi chipembedzo cha munthuyo chimayembekezera. Mawu owonjezerawa si okongoletsa ayi. Kwathu kuno mabanja ambiri amaona kuti maliro atsekedwa pomanga chiliza, mwina patapita chaka kapena kuposerapo, ndipo wamasiye amene akulirabe pa mwezi wachisanu ndi chiwiri sali kunja kwa mwambo. Wowerenga miyezi yokha osafunsa za mwambo alemba matenda pamene palibe.

Chachitatu ndi mavuto a khalidwe lokhazikika la munthu, aja amene amasokoneza ubale wake ndi ena kuyambira ali wamng'ono. DSM ikusungabe mitundu 10, uliwonse ndi dzina lake, ngakhale kuti odwala ambiri amagwera m'mitundu iwiri kapena itatu nthawi imodzi. ICD-11 inachita zamphamvu: inaphwanya mitunduyo n'kusiya matenda amodzi, ndipo funso loyamba ndi lakuti vutolo ndi lochepa, lapakati kapena lalikulu, kenako n'kufotokoza mbali za khalidwe zimene zaonekera kwambiri. Mtundu wa borderline wokha, wa munthu wosakhazikika m'maganizo ndi pa ubale wake ndi ena, ndi umene anausiyira malo. Apa ICD ili patsogolo, chifukwa chimene chimatsogolera chithandizo ndi kukula kwa vuto.

Zina n'zachidule. ICD-11 ili ndi complex PTSD, kuvutika m'maganizo kotsalira pambuyo pa zoopsa, ya anthu amene anazunzidwa kwa nthawi yaitali popanda kothawira, ndipo DSM ilibe. ICD-11 inavomereza kuti kukomedwa ndi masewera a pakompyuta ndi pafoni mpaka kusokoneza moyo ndi matenda, pamene DSM inakuika pa mndandanda wa zofunika kufufuzabe.

mhGAP: ya pamene katswiri palibe

Zonse zili pamwambazi zikuganizira kuti pali dokotala wa ukatswiri wa matenda a maganizo amene ali ndi ola lathunthu locheza ndi wodwala. M'Malawi madokotala otere ndi owerengeka. Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu sizingafikire aliyense, monganso Chainama ku Lusaka singakwanire Zambia yonse. Amene amayamba kuona wodwala ndi namwino kapena clinical officer, panja pali mzere wautali.

WHO inayambitsa mhGAP mu 2008 poganizira anthu amenewa. Buku lake lotsogolera linatuluka mu 2010 ndipo linakonzedwanso mu 2016. Kunena zoona, iyi si ndandanda ya matenda ngati ziwiri zija. Imatenga magulu ochepa okha: kuvutika maganizo, misala, khunyu, mavuto a maganizo ndi khalidwe a ana ndi achinyamata, matenda oiwala a ukalamba, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kudzivulaza ndi kudzipha. Pa gulu lililonse imakuyendetsa ndi mafunso: waona ichi? Ngati inde, chita chakuti. Ngati ayi, pita apa.

Mphamvu yake yaikulu ndi dongosolo la mafunsowo. Usanaganize za misala, imakukumbutsa kuona kaye thupi. Munthu amene wabwera atamangidwa zingwe, akubwebweta, sakudziwa kumene ali, mwina ali ndi malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, shuga wotsika, mavuto obwera ndi HIV, kapena wasiya mowa mwadzidzidzi atamwa kwa zaka. Woteroyo ukamubaya jakisoni wogonetsa n'kumusiya, akhoza kufa ndi matenda ochizika. Imakumbutsanso kufunsa munthu wovutika maganizo ngati anakhalapo ndi nyengo yosagona, yolankhula mosalekeza, yomwaza ndalama, chifukwa mankhwala a kuvutika maganizo monga amitriptyline kapena fluoxetine paokha akhoza kudzutsa mania mwa munthu wa bipolar.

Khunyu ndi chitsanzo chabwino cha kusiyana kwa cholinga. Mu ICD lili m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha, ndipo mu DSM mulibe monga matenda a maganizo. mhGAP inaliika mkati chifukwa m'mayiko ngati athu wodwala khunyu amakathera pa khomo lomwelo la namwino wa matenda a maganizo. Inatsata mmene zipatala zilili, osati mmene mabuku amagawira.

Kufooka kwake n'koti magulu ake ndi otakata. Schizophrenia ndi mania zili pamutu umodzi. Poyambira chithandizo n'zokwanira, koma munthu amene adzamwe mankhwala zaka zambiri amafunika wina adzasiyanitse bwino, chifukwa mankhwala osungitsa munthu wa bipolar ndi ena.

RDoC ndi HiTOP: za ofufuza

Njira ziwiri zotsalazi zinabadwa chifukwa chotopa ndi mabokosi. RDoC ndi ya bungwe la boma la America lofufuza za matenda a maganizo, NIMH, ndipo inayamba cha m'ma 2009. Kutatsala milungu yochepa kuti DSM-5 ituluke mu 2013, mkulu wa bungwelo panthawiyo, Thomas Insel, ananena poyera kuti magulu a DSM ndi ongogwirizana pa zizindikiro, alibe umboni wa m'thupi. RDoC imasiya mayina a matenda n'kufufuza ntchito za ubongo, monga mantha, kufuna mphotho, kukumbukira, kugona ndi kudzuka, kuchokera pa majini mpaka pa khalidwe. Maganizowo ndi abwino, koma mpaka pano sanabereke choyezera chimene namwino angagwiritse ntchito, ndipo eni ake amanena okha kuti si yolembera odwala.

HiTOP, imene Roman Kotov ndi anzake anaifalitsa mu 2017, inayambira pa funso limene aliyense wogwira ntchitoyi amalidziwa: bwanji munthu wa nkhawa kawirikawiri amakhalanso wovutika maganizo? Poona zizindikiro zimene zimayendera limodzi mwa anthu ambirimbiri, anapeza magulu akuluakulu ochepa. Nkhawa, mantha ndi kuvutika maganizo zili pamodzi. Kusokonekera kwa kaganizidwe kuli pakepake. Kusadzigwira ndi kuledzera kulinso kwina. Munthu samuika mkati kapena kunja kwa bokosi, amamuyeza kuti ali pati pa sikelo, monga mmene timayezera BP. Ndikuona kuti njira iyi ili pafupi ndi zoona kuposa DSM, ndipo ICD-11 yabwereka kale kaganizidwe kotere pa mavuto a khalidwe aja. Vuto n'lakuti malangizo a mankhwala, malipoti a boma ndi makhoti zonse zimafunabe dzina limodzi.

Zimene wodwala amanena yekha

Palibe mayi amene amafika kuchipatala n'kunena kuti ali ndi zizindikiro 5 mwa 9. Amati mutu ukundiwawa, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, ndikuganiza kwambiri. Abale amati walodzedwa, kapena ndi mizimu, kumpoto ena amati ndi vimbuza, ndipo nthawi zambiri amakhala atadzera kale kwa sing'anga kapena ku mapemphero.

DSM-5 inayesako kumvetsera. Ili ndi mafunso 16 othandiza dokotala kufunsa mmene wodwala ndi abale ake akulionera vutolo, ndipo pa mndandanda wake wa mmene anthu a zikhalidwe zosiyanasiyana amafotokozera kuvutika kwawo pali kufungisisa kwa Ashona a ku Zimbabwe, kumene ndi kuganiza kwambiri komwe timakudziwa kuno. Koma zonsezi zili kumapeto kwa buku, kumene ambiri safikako. Ku Harare, Dixon Chibanda anayambira pomwepo ndi Friendship Bench: agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu pogwiritsa ntchito mawu awo omwe, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti anthu amapezadi bwino. Mabuku onse awiri akuluakulu amachenjezanso kuti chikhulupiriro chimene anthu a m'dera amagawana si chizindikiro cha misala. Munthu wokhulupirira ufiti pakati pa anthu okhulupirira ufiti sanadwale. Chofunika kufunsa n'chakuti abale ake omwe akuona kuti wapyola malire kapena ayi, ndipo wasiya kudya, kugona ndi kugwira ntchito kapena ayi.

Ndiye tisankhe iti?

Namwino kapena clinical officer wa pachipatala chaching'ono ayambe ndi mhGAP, ayidziwe mpaka mafunso ake azibwera okha. Pofuna dzina lolemba ndi nambala yake, atenge ICD, chifukwa ndi yaulere, ndi imene mayiko amagwiritsa ntchito powerengera matenda, ndipo inayesedwa m'zipatala za mayiko ambiri. Wophunzira amene akufuna kudzakhala katswiri sangathawe DSM, popeza mabuku ndi kafukufuku wambiri amalankhula chilankhulo chake, koma aidziwe ngati chida chowerengera, osati ngati lamulo. RDoC ndi HiTOP aziwerenge amene akukonza kafukufuku. Pa wodi sizinafike.

Kwa m'bale wa wodwala, dzina likasintha pakati pa chipatala china ndi china sizitanthauza kuti wina wanama. Mwina wina watsata ICD wina DSM, kapena matendawo aonetsa mbali imene poyamba inali isanaoneke, monga zimachitikira munthu amene ankathandizidwa ngati wovutika maganizo akadzadwala mania koyamba. Funsani dokotala kuti waona zizindikiro ziti, ndipo mankhwalawo akulimbana ndi chiti.

Ndipo wotumiza wodwala ku chipatala chachikulu asangolemba dzina la matenda lokha m'kabuku kake. Alembe zimene waona, tsiku limene zinayamba, ngati pali mowa kapena chamba, zotsatira za malungo ndi HIV, ndi mankhwala amene wapereka kale pamodzi ndi mlingo wake. Wolandirayo akhoza kukhala kuti amatsata buku lina, ndipo kwa mnyamata womva mawu uja, tsiku loyambira lokhalo ndi limene lingasiyanitse schizophrenia ndi schizophreniform.